Mnofu Uchira Msanga, Mtsempha Uchedwa

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

 Ena mwangoweruka kumunda ndipo mwakhala pakhonde, ena muli m'minibasi, ena mwina mwagona pabedi la kuchipatala mkono kapena mwendo uli m'chikhakha. Inu a chikhakhanu, sendezani wailesi kufupi, chifukwa nkhani ya lero ndi yanu. Tikamba za minofu, mfundo za mafupa ndi mitsempha imene imamanga thupi pamodzi, makamaka za mmene zimenezi zimachirira munthu akavulala.

Tiyambire kukhitchini. Tsiku limene mudzagule mwendo wa mbuzi, musadzafulumire kuuduladula. Mudzauyang'ane kaye. Mudzaona nyama yofiira, yofewa, yonenepa pakati. Umenewo ndiye mnofu. Muutsatire ndi chala chotsika kumunsi, mudzaona kuti ukunka nuwonda mpaka kusanduka chingwe choyera, cholimba, chimene mpeni wobuntha sungadule. Chingwe chimenecho chakakamira pafupa. Kenako mudzapinde bondo la mbuziyo n'kulitsegula ndi mpeni. Kunsonga kwa mafupa mudzapeza chinthu choyera chosalala ngati mbale yadothi yotsukidwa bwino, chimene ena timakonda kukukuta nyama ikapsa. Ndicho chicherewecherewe. Pakati pake pali timadzi totelera ngati therere, ndipo kunja kwake kuli timalamba toyera tomanga fupa lapamwamba ku fupa lapansi. Zonse mwaonazo zilinso m'bondo lanu, m'phewa lanu ndi m'kakolo wanu.

Tili ana, nkhuku ikaphedwa tinkalimbirana phazi lake. Ukakoka kachingwe koyera kotulukira pamene padulidwa paja, zala za nkhuku zinkafumbata zokha, ife n'kumaopsezana nazo. Sitinkadziwa kuti dzanja lathu lomwe limagwira ntchito chimodzimodzi. Yesani pompano pamene mwakhalapo. Gwirani mkono wanu wamanja ndi dzanja lamanzere, munsi pang'ono mwa chigongono. Tsopano fumbatani chibakera, kenako tambasulani. Mukumva chinthu chikulimba n'kufewa pansi pa zala zanu? Minofu ikuluikulu yopinda zala ili pamenepo, kutali ndi zalazo, ndipo imazikoka ndi zingwe zazitali zodutsa pamfundo ya dzanja. N'chifukwa chake munthu akatemedwa ndi chikwanje kapena galasi pamkono, chala chimatha kuleka kupinda ngakhale chalacho sichinakhudzidwe.

Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206 ndi minofu yoposa 600 yowayendetsa. Mnofu umadziwa ntchito imodzi yokha, kukoka. Sukankha. Choncho minofu imakhala iwiriiwiri: katumba wakutsogolo akapinda chigongono, mnzake wakumbuyo ndiye amachiwongola. Mukamakweza khasu ndi kulitsitsa, iwo amalandirana ntchito, wina akukoka wina akumasuka.

Pali vuto limodzi m'kalankhulidwe kathu limene limasokoneza odwala ndi achipatala omwe. Mawu akuti mtsempha timawagwiritsa ntchito pa zinthu zitatu zosiyana. Modutsa magazi timati mtsempha. Ulusi wonyamula mauthenga kuchokera ku ubongo, umene ukapanikizika timamva dzanzi, timatinso mtsempha. Zingwe zoyera zija nazonso ndi mitsempha. Lero ndikamati mtsempha, ndikunena zingwe zoyerazo. Achipatala amazisiyanitsa pawiri: chomanga mnofu ku fupa amati tendon, chomanga fupa ku fupa linzake amati ligament. Zonse ziwiri n'zopangidwa ndi ulusi wotchedwa kolajeni. Ngati munaphikapo mang'ina n'kuwasiya kuti azizire, munaona msuzi utagwirana n'kumanjenjemera. Kolajeni ndi ameneyo, wasungunuka ndi moto. M'thupi la munthu wamoyo ndiye puloteni wochuluka kuposa ena onse, ndipo ali m'khungu, m'mafupa, m'chicherewecherewe ndi m'kachikopa kopyapyala kokuta mnofu uliwonse.

Tibwerere ku mwendo wa mbuzi uja. Kodi n'chifukwa chiyani mnofu uli wofiira, mtsempha woyera? Yankho lake ndi magazi. Mnofu uli ndi timitsempha ta magazi tosawerengeka. Mtsempha uli nato tochepa. Chicherewecherewe cha m'bondo chilibiretu. Tsono magazi ndiwo amabweretsa chakudya, mpweya ndi maselo a m'thupi okonza pamene paonongeka. Pofika magazi ambiri pamapola msanga, pofika ochepa pamachedwa.

Mnofu ukakokeka pang'ono, m'masabata awiri kapena atatu munthu amakhala atabwerera ku ntchito zake. Fupa la munthu wamkulu likathyoka limafuna masabata 6 mpaka 12 kuti ligwirane, kutengera kuti ndi fupa liti, ndipo la mwana limafulumira kuposa pamenepo. Koma mtsempha ukang'ambika kwambiri ndi nkhani ya miyezi, ndipo kukhwima kwake kwenikweni kumatha kutenga chaka. Chicherewecherewe chikaperepeseka sichibwereranso mmene chinalili.

Ofufuza a ku Copenhagen m'dziko la Denmark anaonetsa kuchedwa kumeneku m'njira yodabwitsa m'chaka cha 2013. Pakati pa 1955 ndi 1963 mayiko akuluakulu ankayesa mabomba a nyukiliya mumlengalenga, ndipo zimenezo zinachulukitsa mtundu wina wa kaboni mumpweya wa dziko lonse. Kaboniyo analowa m'zomera, m'chakudya, ndi m'matupi a anthu, ndipo kuchuluka kwake kunkasintha chaka ndi chaka. Choncho asayansi amatha kuyeza kachidutswa ka thupi n'kudziwa zaka zimene kanapangidwa. Atayeza mnofu anapeza kuti umasinthidwasinthidwa nthawi zonse. Atayeza pakati penipeni pa mtsempha waukulu wa kuchidendene, anapeza kuti ndi womwe uja unapangidwa munthuyo akukula, asanapitirire zaka pafupifupi 17. Ndiye kuti agogo a zaka 70 akuyendera chingwe chimene thupi lawo linapota ali mnyamata kapena mtsikana.

(Nyimbo pang'ono)

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, ndipo timalakwitsa m'njira ziwiri zotsutsana.

Njira yoyamba ndi kufulumira. Mnyamata wabinya kakolo pampira Loweruka. Pakatha sabata kutupa kwaphwa, ululu wachepa, anzake akumuitana, iye wavala jezi. Sakudziwa kuti ululu umatha kale mtsempha usanalimbe. Akangotembenuka mwamphamvu, wabinyanso pomwe paja, ndipo ulendo uno moposa poyamba. Palinso china chimene anthu ambiri sadziwa. M'mitsempha ya pamfundo muli timauthenga timene timauza ubongo mmene phazi lapondera, ngakhale mumdima. Kakolo akabinyika, luso limenelo limasokonekera, ndipo phazi limachedwa kudziwongola likaponda pamwala kapena m'kadzenje. Luso lotere limabwerera pophunzitsidwa. Ululu ukachepa, imani ndi mwendo wovulalawo wokha mutagwira khoma kapena mtengo, muwerenge mpaka 30. Mukazolowera, siyani khomalo. Mukazoloweranso, tsinzinani. Amene amachita zimenezi tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo sabinyabinya ngati amene angodikira kuti ululu uthe.

Masiku awiri kapena atatu oyamba ali ndi malamulo ake. Kutupa, kutentha ndi kufiira kumene mumaona si mdani ayi, ndi thupi likutumiza magazi ndi okonza pamalo a ngozi. Ntchito yanu ndi kuteteza malowo, kukweza mwendo kapena mkono pamtsamiro kuti ukhale pamwamba, ndi kumanga ndi nsalu mosathina. Nsalu yonyowetsedwa ndi madzi ozizira a mumtsuko imachepetsa ululu. Kwathu munthu akabinya, amayi kapena agogo amateleka madzi kuti amuthowe, ndipo amachita zimenezo mwachikondi. Kuthowa kuli ndi nthawi yake, koma si tsiku loyamba. Mkatimo timitsempha ta magazi tang'ambika, ndipo madzi otentha ndi kutikita mwamphamvu zimangowonjezera kukha magazi ndi kutupa. Dikirani masiku atatu adutse. Kukoka mwendo mwamphamvu kuti ati ubwerere m'malo, musanadziwe ngati fupa lathyoka, ndimakuopa kwambiri, chifukwa nsonga ya fupa lothyoka ndi yakuthwa ndipo imatha kudula mtsempha wa magazi. Mphini nazonso pamalo otupa zimatsegulira majeremusi khomo.

Njira yachiwiri yolakwitsira ndi kugona osadzuka, ndipo imeneyi ndiyo ndikufuna tikhalepo kwambiri, chifukwa imaoneka ngati chisamaliro.

Azakhali anga anaterereka pamatope a pamjigo atasenza ndowa, n'kugwera dzanja. Fupa la pafupi ndi mfundo ya dzanja linathyoka. Kuchipatala anawaika chikhakha, ndipo anakhala nacho masabata 6. Tsiku lochotsa ndinalipo. Mkono umene unatulukamo sindinauzindikire. Unali wowonda ngati wa mwana, khungu likufundula ngati la mbatata yowotcha, ndipo dzanja linali gwa, losapinda kutsogolo kapena kumbuyo. Azakhali anauyang'ana nati, "Iii, mwana wa achimwene, mkono uwu sunapole." Atafika kunyumba anaukoleka m'chitenje pakhosi, ndipo ife tonse tinawathandiza kuusunga momwemo. Wina kuwatungira madzi, wina kuwaveka, wina kuwaletsa ngakhale kunyamula kapu. Patatha miyezi iwiri, fupa linali litagwirana kalekale, koma zala zinali zosafumbata, ndipo phewa limene silinavulale n'komwe linali litauma moti sankatha kumanga duku.

Amene anawaona pambuyo pake, wa mafizo, sanawapatse jakisoni kapena botolo la mankhwala. Anawavula chitenje chija. Anawauza kuti m'mawa uliwonse aziviika dzanja m'beseni la madzi ofunda n'kumafinya kansalu. Anawauza kuti azithira nyemba m'lichero n'kumatola imodziimodzi ndi chala chachikulu ndi chala china, mosinthasintha zala. Za phewa, anati aziima moyang'ana khoma n'kumakweza zala pakhomapo ngati kangaude, ndipo pamene afika azilembapo ndi khala. Ndimakumbukira mizere ya makala ija pakhoma la khitchini, ikukwera pang'onopang'ono sabata ndi sabata, masiku ena osakwera n'komwe. Azakhali ankadandaula kuti zikupweteka ndiponso kuti ndi masewera a ana. Zinatenga miyezi yambiri, koma tsiku lina ndinawapeza akuthyakula nsima ya banja lonse ndi dzanja lomwelo.

Chinachitika n'chiyani m'thupi mwawo? Pamalo povulala thupi limayala ulusi watsopano wa kolajeni mothamanga, ndipo limauyala mwachisawawa, wina chopingasa wina chotsika, ngati khonje longounjikidwa lisanapotedwe. Khonje lotero silingamange ng'ombe. Chimene chimalipota ndi kukokedwa. Mukamayendetsa mfundo ndi kuisenzetsa ntchito pang'onopang'ono, ulusi uja umafola motsatira kumene mphamvu ikukokera, n'kukhala chingwe. Mukausiya osaugwedeza, umamatirira ku zonse zoyandikana nazo n'kufupika, mfundo n'kuuma. N'zimene zimachitikanso kwa mwana amene wapsa ndi moto kapena phala pachigongono: chilonda chikamapola mkono uli chipindire, chipsera chimakoka mpaka mkonowo sutambasukanso.

Chicherewecherewe nacho, popeza chilibe magazi, chimadya kuchokera m'timadzi totelera tija. Chimadya ngati siponji: mukaponda chimafinyika n'kutulutsa zotsalira, mukanyamula phazi chimayamwa timadzi tatsopano. Bondo losayenda ndi bondo losadya. Ichi n'chifukwa chake achikulire amene ali ndi nyamakazi ya m'mawondo amalangizidwa kuyenda ndi kulimbitsa minofu ya m'ntchafu, osati kukhala pampando tsiku lonse. Fupa nalonso ndi lamoyo. Dokotala wa ku Germany, Julius Wolff, analemba kale mu 1892 kuti fupa limalimba molingana ndi katundu amene limasenza, ndipo likasiya kusenza limapepuka.

Kuti muone kuopsa kwa bedi, imvani za ku Dallas m'dziko la America. Mu 1966 ofufuza anagoneka anyamata asanu athanzi, a zaka 20, pabedi kwa masabata atatu osadzuka. Atadzuka, mphamvu ya mtima ndi mapapo awo pogwira ntchito inali itatsika kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi. Anawachititsa mafizo kwa masabata 8 ndipo mphamvu zinabwerera. Mu 1996 anawaitananso onse asanu, tsopano ali ndi zaka za m'ma 50, n'kuwayezanso. Anapeza kuti masabata atatu a pabedi aja anawafooketsa kwambiri kuposa zaka 30 za kukalamba. Ngati zinatero ndi anyamata, nanga agogo amene tawagoneka m'nyumba mwezi wathunthu chifukwa anagwa?

Ngakhale madokotala anasintha maganizo pa nkhaniyi. Dr Gabe Mirkin wa ku America ndiye anatchukitsa, mu 1978, malangizo akuti wovulala apume ndi kuika ayezi. Mu 2014 iye mwini analemba kuti kupuma kotheratu ndi ayezi wambiri zikhoza kuchedwetsa kuchira. Ine ndimalemekeza munthu wotha kubweza mawu ake poyera chotero.

Mwina mukufunsa kuti, nanga ndidziwa bwanji kuti ndapyola muyeso? Funsani thupi lanu m'mawa mwake. Kuwawa pang'ono pochita mafizo, kumene kumazirala mukapuma ndipo kukacha simukupeza kutupa kwatsopano, n'kololedwa. Ululu wobaya, kapena mfundo imene yadzuka yotupa kuposa dzulo, ikukuuzani kuti mubwerere m'mbuyo pang'ono. Musasiyiretu, ingochepetsani. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtsempha umamva chilankhulo chimenecho chokha. Onani mmene amawongolera mapazi a ana obadwa opindika, mwa njira ya Dr Ignacio Ponseti: sabata iliyonse amawongola phazi pang'ono n'kuika chikhakha chatsopano, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndipo mitsempha imene ikanakana kukokedwa tsiku limodzi imalola.

Za kuphwanya kwa thupi kumene timamva tikayamba kugalauza pambuyo pa miyezi yopuma, musade nkhawa. Kumafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu n'kutha kokha, ndipo minofu imatulukamo yolimba. Msana nawonso, nthawi zambiri ukagwira umamasuka m'masabata 6, ndipo amene amayendayenda pang'ono amachira msanga kuposa wogona chigonere.

Thupi silimanga popanda zomangira. Wovulala amafuna ndiwo zomanga thupi: nyemba, nandolo, soya, mtedza, mazira, usipa ndi matemba odyera limodzi ndi minga zake. Kuti kolajeni apotedwe bwino pamafunika vitamini C, amene ali wambiri m'magwafa, malambe, malalanje ndi mapapaya. Fodya amachedwetsa fupa kugwirana, ndipo shuga wosasamalidwa amachedwetsa zilonda kupola.

(Nyimbo pang'ono)

Pali zina zimene si za mafizo a kunyumba, ndipo ndikupemphani muzimvetsetse. Ngati mwavulala ndipo simungathe kuponda ngakhale mapazi anayi, kapena mkono wakhota pamene sipakhota, pitani mukajambulidwe. Ngati muli ndi chikhakha kapena bandeji ndipo ululu ukukulirakulira, zala zatupa, zazizira, zachita dzanzi kapena zasintha mtundu, musadikire tsiku limene anakulemberani. Bwererani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, chifukwa mnofu wosowa magazi umafa m'maola ochepa. Mwana amene bondo kapena chiuno chatupa n'kutentha, thupi latentha, ndipo akukana kuponda, angakhale ndi mafinya m'mfundo, ndipo mafinya amadya chicherewecherewe m'masiku owerengeka. Msana wopweteka kwa miyezi, munthu akuwonda ndi kutuluka thukuta usiku, ukhoza kukhala TB ya msana, imene ili ndi mankhwala. Ndipo ngati msana ukupweteka, miyendo ikufooka, ndipo mkodzo kapena chimbudzi chikutuluka chokha kapena chikukanika, limenelo ndi vuto lopitira kuchipatala tsiku lomwelo.

M'zipatala za m'maboma muno m'Malawi, amene amaona mafupa othyoka kawirikawiri ndi ma orthopaedic clinical officer, amene maphunziro awo anayambitsidwa mu 1985 ndi Dr Edward Blair wa ku Canada, mogwirizana ndi bungwe la Malawi Against Polio. Ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre, kumene anthu amaphunziranso kuyenda, ndi chipatala cha Beit CURE chimene chinatsegulidwa mu 2002 ndipo chimathandiza ana a mavuto a mafupa. Ku Lilongwe, pafupi ndi Kamuzu Central, kuli chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION. Digiri ya mafizo (physiotherapy) inayamba kuphunzitsidwa ku College of Medicine mu 2010. Komabe a mafizo ndi ochepa, ndipo odwala ambiri amakhala kutali nawo. Choncho ntchito yaikulu imachitikira pakhonde, m'manja mwa wodwala ndi omusamalira.

Ndiye tsiku lochoka kuchipatala, musangolandira mapiritsi n'kuthokoza. Funsani mwaulemu kuti, "Adokotala, kodi ndi mfundo ziti zimene ndiziyendetsa kuyambira lero, ndipo ndi iti imene ndisaigwedeze? Ndiyamba liti kuponda kapena kunyamula? Ndikaona chiyani ndibwerere msanga?" Ngati mukuopa kuiwala, amene akukudikirirani amvere nawo. Pali zovulala zina zimene zimafunadi kuti malowo asagwedezeke kwa kanthawi, ndipo amene anaona chithunzi cha fupa lanu ndiye angakuuzeni malire ake.

Tsopano inu a chikhakha pamkono amene ndinakupemphani kusendeza wailesi, ngati achipatala sanakuletseni, tichitire limodzi. Kwezani mkonowo pamtsamiro. Fumbatani zala zimene zatulukira kunjazo mpaka pamene mungathe, kenako tambasulani zonse. Gunditsani chala chachikulu ku chala chilichonse, chimodzichimodzi. Mukatero, thandizirani ndi dzanja linalo, mukweze mkono wonse pamwamba pa mutu kuti phewa liyende, n'kuutsitsa mofatsa. A chikhakha cha kumwendo, gwedezani zala za kuphazi, ndipo limbitsani mnofu wa ntchafu muwerenge mpaka kasanu, kenako masulani. Chitani kakhumi pamene nyimbo iyi ikulira. Tiyeni, kamodzi.

(Nyimbo ikwere)